Kuphunzira Ski Uli Pagulu la Anzako Odziwa Kale

Chaka chilichonse, kuyambira Disembala mpaka Epulo, mapiri a Alps ku France, Switzerland, Austria ndi Italy amadzaza ndi anthu okachita masewera a ski, omwe munthu amatsetsereka pa sinowo atamangirira timatabwa tiwiri tatitali kumapazi. Ambiri amapita m'magulu: a kuntchito kumodzi, amene anaphunzira limodzi, kapena apachibale. Amasonkherana ndalama, kuchita lendi nyumba imodzi, n'kukhalako sabata yathunthu. Kawirikawiri pagulupo pamakhala mmodzi amene sanavalepo ski chibadwire. Anzake anamunyengerera kwa miyezi: "Tiye aise, n'zosavuta. Tikakuphunzitsa tokha, pofika madzulo udzakhala utadziwa."

Mawu amenewa amachokera pansi pa mtima, komabe ndi amene amawonongetsa tchuthi cha anthu ambiri. Woyamba kumene amalimbana ndi zinthu ziwiri paphiri. China ndi thupi lake, lomwe limamuuza kuchita zosemphana ndi zimene ski imafuna. China ndi anzake, omwe amamukonda koma anaiwala kalekale mmene mantha a tsiku loyamba amagwirira m'mimba. Kuzizira ndi kutopa n'zazing'ono poyerekeza ndi ziwirizi.

Nkhani imayambira m'sitolo yobwereketsa zipangizo, m'munsi mwa phiri. Wogwira ntchito mmenemo amafunsa kulemera kwanu, kutalika kwanu, zaka zanu, ndiponso ngati munaseweraponso ski. Safunsa mongocheza. Pa ski iliyonse pali chipangizo chogwira nsapato, chokhala ndi sipuling'i mkati. Munthu akagwa moipa, chipangizocho chimataya nsapato kuti ski ichoke mwendo usanapotoke. Wa m'sitolo amachuna sipuling'iyo potengera mayankho anu. Ikalimba mopitirira, ski imakakamira kuphazi n'kupotokola bondo kapena kuthyola fupa. Ikalekerera, ski imavuka muli pa liwiro. Apa si pochitira manyazi ayi. Amene sanayambepo anene kuti sanayambepo, atchulenso kulemera kwake kwenikweni ngakhale anzake ali chiimire pambali. Adzapatsidwa ski zazifupi, zolekezera cha m'chibwano akaziimika, chifukwa zazifupi sizivuta kukhotetsa.

Kenako nsapato. Ndi za pulasitiki yolimba, zolemera, zofika pakati pa msongolo, ndipo zimatsekedwa ndi zitsulo zitatu kapena zinayi. Kulowetsa phazi kokha thukuta limatuluka. Mukaimirira, zala zizingokhudza kutsogolo pang'ono. Mukapinda mawondo, zizibwerera, chidendene chili nji pansi. Nsapato yotakasuka imamveka bwino m'sitolo koma paphiri phazi limasambira mkati, ndipo ski simva chimene mwendo ukunena. Valani sokosi imodzi yokha yaitali, yopanda makwinya, ndipo musalowetse mwendo wa buluku mu nsapato. Kakhwinya kamene simukukamva m'mawa kamakhala chilonda pofika masana. Nsapato ikamapweteka kwenikweni, bwererani kukasintha tsiku lomwelo. Eni sitolo anazolowera, ndiyo ntchito yawo.

Tsopano thupi. Aliyense amene anatsikapo kanjira koterera kopita kudambo m'nyengo ya dzinja amadziwa chimene thupi limachita palokha: limabwerera chambuyo, zidendene zimakumba pansi, manja amafunafuna udzu woti agwire. Pamatope nzeru imeneyi imapulumutsa, koma pa ski imagwetsa. M'mbali mwa ski muli chitsulo chakuthwa chimene chimaluma sinowo, ndipo mbali yakutsogolo ndi imene imatsogolera pokhota. Munthu akakhalira kumbuyo, kutsogolo kwa ski kumapepuka, chitsulo chimasiya kuluma, ski zimayamba kuthamanga zokha. Iye mantha amakula, amabwereranso m'mbuyo kwambiri, liwiro limawonjezeka, mpaka amapezeka ali chagada. N'chifukwa chake alangizi onse, kaya ku Austria kaya ku Canada, amabwereza zomwezomwezo tsiku lonse: mawondo apindike, msongolo utsamire kutsogolo kwa nsapato, manja akhale patsogolo, maso aone kumene mukupita osati kumapazi.

Kumva malangizowa n'kosavuta. Kuwachita phiri likutsika patsogolo panu ndi nkhani ina, chifukwa akukuuzani kuti mutsamire kumene mukuopa kugwera. Mantha amenewo si uchitsiru. Ndi nzeru imene yakusungani moyo wanu wonse, ndipo singachoke chifukwa choti mnzanu wakuwa kuti "Usaope!" Imachoka pang'onopang'ono, thupi likaona lokha, kambirimbiri, pamalo otsika pang'ono kwambiri, kuti kutsamira kutsogolo kumabweretsa ulamuliro.

Choyamba chimene mlangizi amaphunzitsa ndi kuima. Nsonga za ski ziwiri zimayandikana kutsogolo, kumbuyo n'kutakasuka, zonse n'kupanga chilembo cha V. Ana amawauza kuti apange "pizza". Mukakankha zidendene kunja, V imakula, zitsulo zam'kati zimapala sinowo, liwiro limachepa mpaka mumaima. Kukhota kumachokera pomwepo: mukalemetsa mwendo wamanja mumakhotera kumanzere, mukalemetsa wamanzere mumakhotera kumanja. Apanso thupi limakana, chifukwa limafuna kutsamira kuphiri, kumene kukuoneka kotetezeka, pomwe kulemera kuyenera kukhala pa ski ya kumunsi. Tsiku limene zimenezi zimatheka koyamba, munthu amadabwa kuti sanagwiritse ntchito mphamvu. Wangopondereza pang'ono, ski n'kuzungulira zokha. Ski za masiku ano zimathandizanso: kuyambira m'zaka za m'ma 1990 zimapangidwa zazifupi, zotakata kunsonga ndi zopyapyala pakati, moti zikapendekeka zimakhota mwa kapangidwe kake.

Ndondomeko yophunzitsira imeneyi ili ndi mbiri yake. Hannes Schneider anabadwa mu 1890 m'mudzi wa Stuben, m'dera la Arlberg ku Austria. Mu 1907, ali ndi zaka 17, analembedwa ntchito yophunzitsa ski alendo a pa Hotel Post ku St. Anton. Masewerawa anali atafika ku Alps kuchokera ku Norway, koma mapiri a Alps ndi otsetsereka kwambiri, ndipo kaimidwe kowongoka kamene anthu anatengera kumeneko sikankathandiza. Schneider ankaphunzitsa kunyonyomala pang'ono ndi kutsamira kutsogolo. Cha m'ma 1921 anakhazikitsa sukulu yake ya ski, ndipo chachikulu chimene anachita n'chakuti anagawa ophunzira m'magulu molingana ndi luso lawo, gulu lililonse n'kumaphunzira sitepe imodzi isanafike inzake: kuima ndi V, kukhota ndi V, kenako kukhota ski zitayandikana. Chipani cha Nazi chitalanda Austria mu 1938 anamangidwa, ndipo mu 1939 anasamukira ku North Conway m'chigawo cha New Hampshire ku America, kumene anapitiriza kuphunzitsa mpaka imfa yake mu 1955. Masukulu a ski a lero, kuphatikizapo École du Ski Français ya ku France imene alangizi ake amavala zofiira, amayendabe m'njira yomweyo ya magulu ndi masitepe.

Ndikuona kuti chimene Schneider anazindikira n'chimene gulu la abwenzi limaphonya. Mnzanu amene anayamba ski ali ndi zaka zisanu amadziwadi, koma luso lake linalowa m'mafupa, sangalifotokoze. Mukamufunsa kuti amakhota bwanji, amayankha kuti, "Umangopanga chonchi," n'kutsetsereka, inu n'kutsala kukamwa kuli yasa. Sadziwa kuona kuti vuto lanu lili m'chiuno osati m'mapazi. Komanso iye walipira ndalama zambiri za tikiti ya zikepe zokwerera kuphiri, ndipo sabata ndi yaifupi. Ola loyamba amapirira mokondwa. Lachiwiri maso ake amayamba kuyang'ana kumtunda kumene anzake ena apita. Woyamba kumeneyo amaona zimenezi, ngakhale palibe wanena kanthu, ndipo amayamba kudziona ngati katundu. Ndiye akafunsidwa kuti, "Bwanji, tikwere pamwamba?" amayankha kuti, "Tiyeni, ndili bwino," pomwe mumtima akudziwa kuti kuima sanakudziwe bwinobwino. Pakati pa mwamuna ndi mkazi wake zimafika poipa kwambiri, chifukwa mawu amene mlendo angawalandire ngati malangizo, wokondedwa amawamva ngati chitonzo.

Njira zotsetserekera zimapatsidwa mitundu. Ku France yobiriwira ndi ya oyamba kumene, yabuluu ndi yosavuta, yofiira ndi ya odziwa, yakuda ndi ya akatswiri. Ku Austria ndi Switzerland nthawi zambiri amayambira pa yabuluu. Ku Austria njira yabuluu siyenera kutsika mamita oposa 25 pa mamita 100 aliwonse opita kutsogolo, ndipo yofiira siyenera kupitirira 40. Ku America ndi Canada amagwiritsa ntchito zizindikiro: chozungulira chobiriwira, cha makona anayi chabuluu, ndi dayamondi wakuda, moti yabuluu ya kumeneko ndi yapakatikati, si ya ophunzira. Mitunduyi imangopereka chithunzi. Njira yabuluu imene inali yofewa m'mawa imatha kukhala ndi zigawo zolimba ngati galasi madzulo, anthu ataipalapala tsiku lonse. Ndipo malo amasiyana: St. Anton, kumene sukulu ya Schneider inabadwira, imadziwika ndi njira zovuta, moti gulu lokhala ndi wophunzira lingachite bwino kusankha malo okhala ndi bwalo lalikulu la oyamba kumene pafupi ndi mudzi.

Taonani chimene chimachitika munthu akakwezedwa msanga. Watsika pachikepe, wayenda pang'ono, ndipo patsogolo pake njira ikutha m'malere. Kumunsi sikukuoneka, kukungooneka madenga a mudzi ali ting'onoting'ono. Anthu akumudutsa uku ndi uku, fyuu, fyuu. Akuyesa V imene inkagwira ntchito kubwalo, koma pano miyendo ikunjenjemera ndipo ski sizikuima. Amakhala pansi. Sinowo akulowa m'magolovesi, magalasi achita nthunzi. Mnzake ali mamita makumi angapo kumunsi, akukodola ndi ndodo yake yosewerera ski: "Bwera, ukhoza!" Kubwerera kumtunda n'kosatheka. Njira imene anzake amatsika m'mphindi zisanu iye amaitsika ola lathunthu, mwina akukhwekhwereza matako, mwina atanyamula ski paphewa m'mphepete mwa njira. Akafika pansi, ena sabwereranso. Mawa lake amati bondo likupweteka, amatsala kunyumba, ndipo sabata yonse imathera pawindo. Munthu ameneyu sanalephere ski. Anapatsidwa phunziro la tsiku lachisanu pa tsiku loyamba.

Choncho ndalama ya mlangizi ndi yofunika kuposa ya jekete yokongola. Masukulu ambiri ku Alps amakhala ndi maphunziro a gulu a masiku asanu kapena asanu ndi limodzi, oyamba Lamlungu kapena Lolemba, maola awiri kapena atatu m'mawa. Pagulu lotere aliyense akugwa, ndiye palibe wochitira mnzake manyazi. Malo amatha msanga, makamaka mu Febuluwale ana asukulu akakhala pa tchuthi, choncho kulembetsa kuchitike ulendo usanayambe. Bwalo la ophunzira limakhala ndi lamba woyenda amene mumangoimapo n'kukukwezani pang'onopang'ono, ndipo m'malo ena ndi waulere kapena wotsika mtengo, kotero tikiti yodula ya phiri lonse ikhoza kudikira masiku awiri kapena atatu. Amene amakhala ku Britain ali ndi mwayi wina: ku Hemel Hempstead, Milton Keynes, Manchester ndi Tamworth kuli nyumba zikuluzikulu zokhala ndi sinowo wopangidwa ndi makina, kumene munthu angaphunzire kuima ndi kukhota asanakwere ndege.

Chikepe cha mipando chimaopsa ambiri kuposa kutsetsereka kumene. Choyamba cha mtundu umenewu chinatsegulidwa ku Sun Valley, m'chigawo cha Idaho ku America, mu 1936. Mpando umabwera kumbuyo kwanu ukuyenda, mumakhala, mumatsitsa chitsulo chotchinga, ndipo mumauluka pamwamba pa mitengo miyendo ili lende. Vuto lili potsika. Nsonga za ski zikwezedwe mukamayandikira, ndodo zigwiridwe m'dzanja limodzi, ndipo ski zikakhudza pansi imirirani n'kulola mpando ukukankheni, ski zili zowongoka. Mukapanga V pamenepo mumakola ski za amene mwakhala naye. Uzani woyang'anira kuti ndi koyamba. Amatha kuchepetsa liwiro, ndipo wina akagwa amaimitsa makina.

Kugwa kulipo, ndipo kuli ndi kagwedwe kake. Mukaona kuti zakanika, gwerani cham'mbali, chakumtunda. Musayese kudzuka mukutsetserekabe, chifukwa pamenepo m'pamene ski imakola sinowo n'kupotokola bondo, ndipo mitsempha ya m'bondo ndi imene imavulala kawirikawiri pamasewerawa. Chala chachikulu cha kudzanja chimavulalanso munthu akagwera pa dzanja atagwira ndodo. Mukaima, ikani ski zonse kumunsi kwa thupi, zopingasa phiri, kenako dzikankheni kudzuka. Zikavuta, vulani ski imodzi.

Za mutu ndiye musazitenge mopepuka. Mu Malichi 2009, katswiri wa zisudzo wa ku Britain, Natasha Richardson, anagwa pa njira ya oyamba kumene ku Mont Tremblant m'dziko la Canada, ali pa phunziro ndi mlangizi. Sanavale chipewa choteteza mutu. Anadzuka akulankhula bwinobwino ndipo poyamba anakana thandizo la achipatala. Patapita nthawi pang'ono mutu unayamba kumupweteka. Magazi ankatayikira mkati mwa chigaza, ndipo anamwalira patatha masiku awiri ali ndi zaka 45. Chipewa chimabwerekedwa pamodzi ndi nsapato pa mtengo wochepa. Ndipo mnzanu akamenyetsa mutu, ngakhale aziseka, musamusiye yekha m'chipinda kuti akagone. Akayamba kusanza, kusokonezeka, kuwodzera kapena kudandaula mutu, imbani 112, nambala yangozi ya mayiko a ku Ulaya. Apa m'pamene abwenzi amafunika kwenikweni.

Bungwe loyang'anira masewerawa padziko lonse, FIS, lomwe linakhazikitsidwa ku Chamonix mu 1924, lili ndi malamulo khumi a khalidwe la panjira. Limene limalimbitsa mtima wophunzira ndi lakuti amene ali kutsogolo ndiye mwini njira: wochokera kumbuyo ndi amene ayenera kumuzemba. Simuyenera kumacheukacheuka poopa othamanga. Koma nanunso muli ndi mbali yanu. Musaime pakati pa njira, pamalo opanikiza, kapena kuseri kwa kamtunda kumene obwera sangakuoneni, ndipo musanayambenso kuyenda yang'anani kumtunda. Ngozi ikachitika, aliyense ali ndi udindo wothandiza. Kunyamulidwa paphiri ndi opulumutsa anthu ku France n'kolipira, ndipo helikopita ikabwera ndalama zake zimakhala zambiri zedi. Inshuwalansi wamba ya paulendo nthawi zambiri siphatikiza masewera a pa sinowo pokhapokha mutaonjezera. Ku Italy, kuyambira 2022, lamulo limafuna kuti wosewera ski aliyense akhale ndi inshuwalansi yolipirira ena amene angawavulaze, ndipo limaletsa kutsetsereka munthu ataledzera.

Dzuwa la paphiri limanyenga chifukwa mphepo ndi yozizira. Sinowo watsopano amabweza pafupifupi 80 peresenti ya cheza choopsa cha dzuwa, ndipo chezacho chimakula mukamakwera. Khungu lakuda nalonso limapsa, milomo imang'ambika, ndipo maso osatetezedwa amatha kutupa n'kumaluma ngati mwalowa mchenga. Magalasi ndi mafuta oteteza kudzuwa n'zofunika ngakhale kuli mitambo. Zovala zikhale zosanjikiza, kuti muzivula china mukatenthedwa, chifukwa wophunzira amatuluka thukuta kwambiri pogwa ndi kudzuka. Cha mkati chisakhale cha thonje, popeza thonje likanyowa limazizira pathupi. Mudzi wa Val Thorens ku France uli pa mamita 2,300, ndipo pamalo otere mpweya umaperewera masiku oyamba, mutu umalemera, tulo timavuta. Imwani madzi ambiri, ndipo mowa wa madzulo, womwe ndi mwambo waukulu wa m'malo amenewa, ukhale wochepa.

Sikuti sinowo wosewererapo ali ku Ulaya kokha. M'mapiri a Maloti ku Lesotho muli Afriski, pamalo okwera mamita oposa 3,000, chimodzimodzi ndi nsonga ya Sapitwa pa Mulanje yomwe ili pa mamita 3,002. Nyengo yake ndi Juni mpaka Ogasiti, ndipo sinowo wambiri amapangidwa ndi makina usiku kukazizira. Kuchokera ku Johannesburg ndi ulendo wa maola pafupifupi asanu pagalimoto, kudzera ku Butha-Buthe ndi msewu wokhotakhota wa Moteng. Njira yake yaikulu ndi ya pafupifupi kilomita imodzi. Kwa katswiri ndi yaifupi, koma kwa gulu lokhala ndi wophunzira kuchepako n'kwabwino, chifukwa palibe amene angasowe mnzake.

Nanga ubwenzi uja, umene unabweretsa onse kuphiri, umakhala pati? Magulu amene zimawayendera amapatukana m'mawa. Wophunzira amapita kwa mlangizi, odziwa amakwera kumene akufuna popanda wina kuwamvetsa chisoni. Masana amakumana pamalo odyera amene onse angafikepo, ndipo nkhani zimakhala zambiri chifukwa aliyense ali ndi zake. Chakudya chikatha, mmodzi kapena awiri amatsikira kubwalo la ophunzira kwa ola limodzi, osati kukaphunzitsa koma kukaperekeza: kutola ndodo ikagwa, kujambula kanema pafoni, kuima kumtunda kwake ngati chotchinga pamene akudzuka. Mnzanu wabwino amafunsa kuti, "Mlangizi wati uyeserere chiyani lero?" n'kusiyira pomwepo. Ambiri amene amatsatira maphunziro amafika potsika njira yobiriwira kapena yabuluu yosavuta sabata isanathe, ndipo mlangizi ndi amene amanena kuti nthawi yakwana ndiponso njira yake ndi iti. Tsiku limenelo gulu lonse likhoza kutsika limodzi, wophunzira akutsatira mapazi a mnzake mmodzi wodekha amene akukhota mokulungiza pang'onopang'ono, wina ali kumbuyo.

Cha pakati pa sabata ntchafu zimakhala zitauma, ndipo kupuma masana amodzi kumabweza mphamvu. Alangizi amachenjezanso za ulendo womaliza wa tsiku. Zikepe zambiri zimatseka cha m'ma 4 koloko kapena hafu pasiti 4, ndipo nthawi imeneyo aliyense amathamangira njira imodzi yotsikira kumudzi. Kuwala kwachepa, sinowo waunjikana milumilu, miyendo yatopa, ndipo anthu ali pikitipikiti. M'malo ambiri chikepe chotsekedwa ngati kanyumba, chimene chinakukwezani m'mawa, chimanyamulanso anthu potsika. Wophunzira avule ski zake, aziike pachoikira cha pakhomo, atsike nacho, akapezane ndi anzake pansi.